PA MSEWU WA KU KHYBER: KUMENE WODWALA AFIKA NDI MWAMBO WAKE

Makolo athu anati kuyenda n'kuona. Mwezi uno, okondedwa awerengi, ulendo wathu utifikitsa kutali ndithu, ku maiko a Afghanistan ndi Pakistan m'cigawo ca Asia. Titsata msewu umodzi wokha, wocokera mu mzinda wa Kabul, wotsika m'mapiri, wodutsa pa mpata wochuka wa Khyber ndi kukathera mu mzinda wa Peshawar. Kutalika kwake ndi pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa Lusaka ndi Chipata. Koma kuyambira caka ca 1979 msewu umenewu, pamodzi ndi tinjira ta m'mapiri toyandikana nao, wapondedwa ndi anthu mamiliyoni othawa nkhondo, ena pa ngamila ndi abulu, ena m'malole, ambiri wapansi atanyamula ana ndi mitolo.

Munthu wothawa kwao amasiya munda, amasiya nyumba, amasiya ngakhale manda a makolo ake. Cimene sangathe kusiya ndi mwambo umene anakula nao. Tsiku limene wadwala amafika nao pa khomo la cipatala, ndipo ngati a cipatala saudziwa, kapena aunyoza, wodwalayo amabwerera ndi nthenda yake ngakhale mankhwala ali mbwee. Ici ndico tifuna kuona pa ulendo uno. Ife amene tinalandira abale athu a ku Mozambique ku Ukwimi, kudera la Petauke, kuyambira 1987 kufikira atabwerera kwao mu 1994, nkhani ya othawa nkhondo sitiimva ngati nthano.

Dziko la mapiri

Afghanistan afanana ndi Zambia pa cinthu cimodzi: alibe nyanja yamcere, wazingidwa ndi maiko ena mbali zonse. Kukula kwake n'kocepako pang'ono kuyerekeza ndi dziko lathu, koma anthu ake apitirira 40 miliyoni. Pakati pa dzikoli padutsa mapiri a Hindu Kush. Likulu lake, Kabul, lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,800, ndipo m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene ife tili kalikiliki kupalira cimanga, kumeneko madzi amauma gwa ndi cisanu.

Mitundu ya anthu ilimo yambiri: a Pashtun, a Tajik, a Hazara, a Uzbek ndi ena. Zilankhulo zikuluzikulu ndi ziwiri, Dari ndi Pashto, ndipo n'zosiyana kotero kuti wodziwa cimodzi cokha sangamve cinzake. Pafupifupi onse ndi Asilamu. Ambiri ndi a gulu la Sunni, pamene a Hazara oculuka ndi a gulu la Shia, anthu amene azunzidwa kwambiri m'mbiri ya dzikolo. Zimenezi tizisunge mumtima, pakuti tidzazipezanso ku cipatala.

Mu Disembala 1979 asilikali a Soviet Union analowa m'dzikomo nakhalamo kufikira Febuluwale 1989. Pofika 1990 anthu oposa 6 miliyoni anali atathawira ku Pakistan ndi ku Iran. Alendowo atacoka, eni dziko anamenyana okhaokha, ndipo mbali yaikulu ya Kabul inasanduka bwinja pakati pa 1992 ndi 1996. Gulu la Taliban linalamulira kuyambira 1996 kufikira 2001, pamene America ndi anzake analicotsa, koma linabwereranso pa 15 Ogasiti 2021. Nkhondo iliyonse inatulutsa khamu lakelake la othawa. Motero lero alipo agogo amene anathawa akali anyamata, ndi adzukulu obadwira kucilendo amene mudzi wa makolo ao amangoumva m'nkhani.

Kuseri kwa mpanda

Tikacoka mu Kabul kulunjika kum'mawa, msewu umalowa m'cigwa copapatiza ca mtsinje wa Kabul, nukhotakhota m'mbali mwa matanthwe oopsa kuwayang'ana. Patapita makilomita ngati 150 tifika ku Jalalabad, kumalo otentha kumene kumalimidwa malalanje ndi nzimbe. Kuno n'kwao kwa a Pashtun. Tikayang'ana midzi ya m'mbali mwa msewu, tiona kuti banja lililonse lazingidwa ndi mpanda wautali wadothi, wopanda zenera loyang'ana kunja. Amene wamvetsa mpanda umenewu wamvetsa theka la moyo wa anthuwa.

A Pashtun ali ndi malamulo osalembedwa ochedwa Pashtunwali. Limodzi mwa akuluakulu ndi melmastia, ndiko kuti kucereza mlendo. Mlendo wamwamuna amalandiridwa m'hujra, cipinda ca alendo comangidwa padera. Moni wake sathamangira. Mwininyumba amaika dzanja pamtima, nafunsa za thupi, za ulendo, za a pabanja, mobwerezabwereza, kenaka kumabwera tiyi. Pa nthawi ya cakudya amayala nsalu pansi naikapo buledi wophwathalala wochedwa naan, woocha m'ng'anjo yadothi, ndipo ngati tsikulo n'lalikulu pamakhala mpunga wophika pamodzi ndi nyama ya nkhosa, makaroti ndi mphesa zouma. Lamulo lina ndi nanawatai: wopempha citetezo pakhomo pako sumbweza, angakhale anali mdani. Malire a Afghanistan ndi Pakistan, amene Angelezi analemba mu 1893, anadula a Pashtun pakati monga momwe malire athu anagawira Acewa m'maiko atatu. N'cifukwa cake othawa oyambirira analandiridwa tsidya linalo ndi anthu a cilankhulo cao ndi mwambo wao.

Koma mlendo wamwamuna sapitirira hujra. Kuseri kwa mpanda kumakhala azimai ndi atsikana, ndipo ulemu wonse wa banja wagona pa iwo. Mwambo wowapatula kwa amuna acilendo umachedwa purdah, liu lotanthauza nsalu yochinga. Mwamuna sapereka dzanja kwa mkazi amene sali mbale wake. Safunsanso mnzake kuti akazi anu ali bwanji. Amafunsa za a kunyumba. Mai wa kumudzi akamapita kutali amafunda chadari, nsalu yophimba thupi lonse, naperekezedwa ndi mahram, ndiye mwamuna wake, bambo wake, mlongo wake kapena mwana wake wamwamuna. Tisaganize kuti mabanja onse ali cimodzimodzi. M'mizinda monga Kabul ndi Herat munatuluka akazi ambiri ophunzira, madokotala, aphunzitsi ndi oweruza milandu. Koma m'midzi, kumene kunacokera othawa oculuka, mwambo wa mpandawu ndi wolimba.

Pa cipata ca Torkham

Kucoka ku Jalalabad msewu umakwera pang'onopang'ono kufikira pa Torkham, cipata ca malire. Pamenepa kwa zaka zambiri pakhala pali anthu onyamula timabokosi tozizira, odontheza katemera wa poliyo m'kamwa mwa ana odutsa, ndipo pambuyo pake ngakhale mwa akulu omwe. Afghanistan ndi Pakistan ndiwo maiko awiri okha pa dziko lapansi kumene poliyo wacibadwa sanatheretu. Katemera alipo wokwanira. Cosowa ndi cikhulupiriro ca makolo.

Kalekale kunali kale mphekesera zakuti madonthowo ndi msampha wa azungu woletsa ana a Asilamu kudzabereka. Ndiye mu 2011 azondi a boma la America, pofunafuna Osama bin Laden mu mzinda wa Abbottabad, anagwiritsa nchito dokotala wina wa ku Pakistan kuyendetsa katemera wa ciphamaso, kuti afufuze amene anali kukhala m'nyumba ina. Nkhaniyi itaululika, mphekesera zija zinapeza miyendo. Kuyambira Disembala 2012 otemera ambiri anaphedwa ali pa nchito, oculuka mwa iwo azimai osauka oyenda khomo ndi khomo. Bodza la tsiku limodzi linaononga cikhulupiriro comangidwa pa zaka zambiri.

Wina angati zimenezi n'zakutali. Koma mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi kacilombo ka mtundu wa ku Pakistan, ndipo caka comweco kanapezekanso m'cigawo ca Tete ku Mozambique. Ana athu kuno ku Zambia anadonthezedwa katemera cifukwa ca zimenezo. Khomo lotsekedwa ku Peshawar linamveka mpaka kuno kwathu. Ndipo kumene makomo anatseguka, anatseguka cifukwa wogogodayo anali mai wa m'mudzi momwemo, wodziwika dzina ndi banja, ndiponso cifukwa akulu a mudzi ndi a mzikiti anayamba afunsidwa nabvomereza.

Midzi ya othawa ku Peshawar

Tikaoloka malire tikwera kufika pa Landi Kotal, pamwamba pa mpata wa Khyber, kenaka titsika pakati pa mapiri ouma opanda mitengo, tidutsa pa cipata ca Jamrud, ndipo patsogolo pathu payala cigwa ca Peshawar. Mzindawu ndi wakale kwambiri. M'kati mwake muli msika wa Qissa Khwani, dzina lotanthauza msika wa osimba nthano, pakuti amalonda a ngamila ankapumula pamenepo akumwa tiyi ndi kumvera nkhani za maiko akutali.

Kunja kwa mzindawu ndiko kunali misasa yochuka ya Nasir Bagh, Kacha Garhi ndi Jalozai. Poyamba anali matenti, koma posacedwa othawa anaumba njerwa namanga nyumba zadothi, ndipo cinthu coyamba cimene banja linkafuna kumanga cinali mpanda. Anthu ozolowera mphepo yozizira ya kumapiri anakumana ndi kutentha kwa kucigwa, malungo, kutsegula m'mimba ndi cifuwa cacikulu. Bungwe la Red Cross linatsegula cipatala ca ovulala pa nkhondo mu Peshawar mu 1981. Boma la Pakistan, bungwe la United Nations loona za othawa kwao ndi mabungwe ena anamanga tizipatala ting'onoting'ono m'misasamo.

Apa ndipo panaoneka cinthu cimene okonza mapulani sanaciganizire mokwanira. Kumudzi kwao mai ankatha kupita kumunda kapena kukatunga madzi, popeza onse omuona anali abale. Mumsasa anazingidwa ndi amuna acilendo a mitundu ina, ndipo mpanda unalimba kuposa kale. Kacipatala kangakhale pafupi, mai wodwala sakanapitako ngati womuyeza ndi mwamuna, kapena ngati ayenera kuima pa mzere umodzi ndi amuna. Mwamuna wake ankapita yekha kukafotokoza nthendayo ndi kutenga mapiritsi, monga ngati dokotala angayeze mimba imene sanaione. Zinthu zinayamba kusintha pamene tizipatalato tinalemba nchito anamwino ndi madokotala aakazi, tinapatula khomo ndi malo odikirira a azimai, ndi kuphunzitsa azamba a mumsasa momwemo kuti aziyendera anzao m'nyumba. Mai wina wa mtundu wa Hazara, Dr. Sima Samar, amene iye mwini anathawira ku Pakistan mu 1984, ataona kusowa kumeneku anatsegula cipatala ca azimai ndi ana mu mzinda wa Quetta, nayambitsa bungwe la Shuhada mu 1989.

Palinso nkhani ya dzina. Kwa mabanja ambiri kuchula dzina la mkazi pagulu n'kumcotsera ulemu. Amaitanidwa kuti mai wa uje kapena mwana wa uje. Kalaliki wa pa cipatala amene afuula dzina la mai pakati pa anthu amacititsa manyazi banja lonse mosadziwa. Ku Nasir Bagh komweko mu 1984 wojambula zithunzi Steve McCurry anajambula mtsikana wa maso obiriwira, ndipo cithunzico cinatuluka pa cikuto ca magazini ya National Geographic mu 1985. Dziko lonse linadziwa nkhope yake, koma dzina lake, Sharbat Gula, linadziwika mu 2002. Atsikana ena a ku Afghanistan komweko anautsutsa mwambo wobisa dzinawu, nayambitsa mfuu mu 2017 yofuna kuti maina ao azichulidwa. Tsono wa cipatala wanzeru sangoganizira yekha. Amafunsa mai aliyense mmene afunira kuitanidwa.

Misasa itatu ija inatsekedwa kale: Nasir Bagh mu 2002, Kacha Garhi mu 2007, ndipo othawa a ku Afghanistan anacotsedwa ku Jalozai mu 2008. Koma zimene zinaphunziridwa kumeneko zikali ndi nchito kulikonse kumene anthuwa afika. Ndipo afika kutali. Mu Ogasiti 2021 anthu oposa 120,000 ananyamulidwa pa ndege kucoka ku Kabul, ndipo ambiri a iwo anakathera ku America, ku Canada, ku Britain, ku Germany, ena ocepa mpaka ku Uganda ndi ku Rwanda.

Kumva mau a wodwala

Tilowe tsopano m'cipinda coyezera odwala, kaya ndi ku Peshawar kapena ku London. Coyamba ndi moni. Dokotala wofunsa za nthenda asanafunse za moyo wa banja amaoneka wamwano, ndipo wodwala amangoyankha mwaulemu kuti inde, inde, mumtima atatseka kale.

Caciwiri ndi womasulira. Ayenera kukhala wa cilankhulo ceniceni ca wodwalayo, Dari kapena Pashto, ndipo kwa mai akhale mkazi mnzake. Munthu wa mtundu wa Hazara amene abale ake anaphedwa cifukwa ca mtundu wao angathe kumangika lilime pamaso pa womasulira wa mtundu wina. Coipitsitsa ndi kugwiritsa nchito mwana, amene amafulumira kuphunzira cilankhulo ca kucilendo. Ndi mai uti, ngakhale kuno kwathu, amene angafotokoze za kumwezi kapena za m'nyumba kudzera m'kamwa mwa mwana wake wamwamuna?

Cacitatu ndi mau enieniwo. Ife timati mtima wasweka. Iwo cisoni amaciika m'ciwindi. Munthu woferedwa kapena wosweka mtima amati jigar khun, ndiko kuti ciwindi cacita magazi. Wopsa mtima msanga ndi wosagona tulo amati ali ndi asabi. Palinso liu lakuti fishar, limene limatanthauza kupanikizika. Wodwala akati fishar yakwera, namwino amathamangira makina oyezera kuthamanga kwa magazi, napeza zonse zili bwino, namuuza kuti palibe nthenda. Pamene munthuyo anali kunena za nkhawa imene yamkhala pacifuwa. Akati fishar yatsika, ndiye kuti wafooka mumtima, alibe cilakolako ca kanthu kalikonse. Akatswiri a za maganizo atazindikira zimenezi anakonza mafunso ofufuzira odwala ku Kabul mu 2006 pogwiritsa nchito mau a eni akewo. Kuchula matenda a misala kumacititsa manyazi, ndipo kungalepheretse ana a banjalo kukwatira kapena kukwatiwa. N'cifukwa cake mai amene anaona mwana wake akufa ndi bomba amabwera sabata ndi sabata kudandaula mutu ndi msana. Womuthandiza ndi amene achera khutu nafunsa kuti mutuwo unayamba liti.

Nkhani yoipa nayonso ili ndi njira yake. M'mabanja ambiri, munthu akapezeka ndi nthenda yosacizika monga khansa, abale amafuna kuti auzidwe iwo poyamba, poopa kuti wodwala akamva angataye mtima. Madokotala a ku Ulaya anaphunzitsidwa kuuza mwini wake mosabisa. Njira imene yathandiza ndi kufunsa wodwalayo kusanade, zoyeza zisanatuluke, kuti afuna kudziwa zoculuka bwanji ndipo afuna ndani akhalepo. Potero ufulu wake usungika ndipo banja silinyozedwa.

Zakudya, zithumwa ndi kusala

Anthu a ku Afghanistan amagawa zakudya m'magulu awiri, zotentha ndi zozizira. Sanena za moto wa pa mafuwa, anena za mphamvu imene cakudyaco cipatsa thupi. Nyama ya nkhosa, mazira ndi mtedza wa m'mitengo n'zotentha, pamene cambiko ndi nkhaka n'zozizira. Nthenda imayesedwa kusokonezeka kwa ziwirizi, ndipo sing'anga wa zitsamba wochedwa hakim amaciza potsata nzeru imeneyi. Namwino akalangiza cakudya cimene agogo a pakhomo aciyesa cosayenera, langizolo limathera pa cipata. Koma akafunsa zimene banja limapatsa wodwala, napeza pakati pa izo copatsa thanzi, onse amabwerera okondwa.

Pakhosi pa mwana kapena pa mkono wa wodwala kawirikawiri pamakhala tawiz, kacithumwa kosokeramo mau opatulika olembedwa ndi mtsogoleri wa mzikiti. Ena amafukiza njere za espand pofuna kucotsa diso loipa. Zimenezi siziletsa jekeseni kugwira nchito, ndipo wozidula kapena kuziseka amataya wodwala pacabe. Ngati cithumwa cifunika kucotsedwa pokacita opaleshoni, acicotse mwini wake nacisunge mbale.

Koma ulemu sutanthauza kubvomereza zonse. Azimai amapaka makanda m'maso mankhwala akuda ochedwa surma, pokhulupirira kuti amalimbitsa maso, pamene surma wina ali ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana. Ku America, ana ambiri a othawa a ku Afghanistan atapezeka ndi mtovu woculuka m'magazi, ofufuza a m'dera la Seattle anapeza kuti ngakhale mapoto ena a aluminiyamu amene mabanja anabwera nao anali kutulutsa mtovu m'cakudya. Poto amene mai wamunyamula kucoka kwao ndi cuma ca mtima. Kumuuza kuti amtaye kumafuna kufotokoza bwino ndi kumpatsa wina m'malo mwake.

Mwezi wa Ramadan Asilamu sadya kapena kumwa kanthu kucokera m'bandakuca kufikira dzuwa litalowa. Cipembedzo cao cimalola wodwala, woyembekezera ndi woyamwitsa kumasula, koma ambiri safuna kutsalira anzao. Wa matenda a shuga kapena wa cifuwa cacikulu, amene ayenera kumwa mankhwala miyezi 6 osadumpha, angathe kungosiya mwakacetecete. Dokotala wodziwa amayamba yekha nkhaniyi mweziwo usanafike, nasinthira mapiritsi ku nthawi ya usiku ngati n'kotheka, ndipo pamene moyo uli pangozi amapempha mtsogoleri wa mzikiti kuti alankhule naye wodwalayo. Ena amafunsanso ngati m'mankhwala muli mowa kapena zocokera ku nkhumba, ndipo funso lotere liyenera yankho loona. Ngakhale tsiku lobadwa limafuna kusamala. Ambiri a kumidzi sanalembetse kubadwa kwao, ndipo pa mapepala anangolembedwa 1 Januwale. Poyeza mankhwala a mwana, sikelo ndi yodalirika kuposa pepala.

Pa nthawi ya kucira

Mwambo ndi moyo zimakumana kwenikweni pa ubereki. Mwana akabadwa, bambo kapena mkulu wina amamnong'oneza m'khutu mau oitanira ku mapemphero. Mai amakhala m'cikuta masiku 40, akudya zotentha ndi kusamalidwa ndi apongozi ndi abale aakazi. Kubereka ndi nkhani ya azimai okhaokha, monga momwe zinalili m'midzi mwathu. Kumene kulibe mzamba wophunzira, mai amacirira pakhomo, ndipo zikabvuta, ulendo wa ku cipatala umadikira cilolezo ca amuna, ndalama ndi woperekeza.

Kafukufuku wa mu 2002 anapeza kuti m'boma la Ragh, m'mapiri a Badakhshan, pa ana 100,000 obadwa amoyo azimai pafupifupi 6,500 anali kufa. Ndiye kuti pa ana 15 alionse obadwa, mai mmodzi anali kutsikira kumanda. Ciwerengero cotere cinali cisanalembedwepo kwina kulikonse. Caka cimeneco dziko lonselo linali ndi azamba ophunzira 467 okha. Mankhwala a bvutoli anapezeka m'kati mwa mwambo womwewo. Akulu a mudzi ankasankha mtsikana wao, bambo kapena mwamuna wake nabvomereza, ndipo iye ankaphunzira uzamba pafupifupi zaka ziwiri pa sukulu ya akazi okhaokha, nabwerera kukatumikira kwao. Azamba anaculuka kufika pa zikwi zingapo, ndipo imfa za azimai zinatsika kwambiri. Palibe amene anagwetsa mpanda. Anangolowetsamo munthu wodziwa nchito amene mpandawo unamlola.

Msewu watembenuka

Pa zaka zapitazi khamu la pa msewu wa Khyber lasintha kolowera. Mu Okutobala 2023 boma la Pakistan linalamula kuti alendo opanda mapepala acoke, ndipo anthu zikwi mazanamazana anadutsa pa Torkham kubwerera. Mu 2025 lamuloli linafikira ngakhale okhala ndi makadi a othawa kwao, ndipo Iran nayenso anathamangitsa ambiri, kotero kuti caka cimeneco cokha obwerera anaposa 2 miliyoni. Makolo anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma ambiri mwa obwererawa anabadwira ku Pakistan, ndipo kwao kumene apita sakudziwa.

Dziko limene alipeza ndi lotani kwa mai wodwala? Taliban atabwerera mu 2021, atsikana analetsedwa kupitirira giredi 6. Mu Disembala 2022 anatsekeredwa mayunivesite, ndipo mu Disembala 2024 analetsedwanso maphunziro a unamwino ndi uzamba. M'madera ambiri mai saloledwa kuyezedwa ndi mwamuna popanda mahram. Tsono taonani mfundo yake: mkazi ayenera kuonedwa ndi mkazi mnzake, koma mkazi mnzakeyo saloledwa kuphunzira. Azamba amene alipo adzakalamba, ena athawa kale, ndipo m'mbuyo mwao simukubwera wina. Pa 31 Ogasiti 2025 civomezi cinagwedeza mapiri a Kunar, kufupi ndi Jalalabad kumene tinadutsa, nicipha anthu oposa 2,000. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse anadandaula kuti oculuka mwa a cipatala amene anali kumeneko anali amuna, ndipo anapempha kuti akazi ogwira nchito yothandiza aloledwe kuyenda momasuka. Maiko ena a Cisilamu ndi akatswiri a cipembedzoco anena poyera kuti kuletsa atsikana sukulu sikucokera m'cikhulupiriro cao.

Apa tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Manyazi a mai amene safuna kubvula pamaso pa mwamuna wacilendo ndi ake, ndipo wa cipatala aliyense ayenera kuwalemekeza. Lamulo lomana mwana wake wamkazi maphunziro a uzamba lamgwera kucokera kwa olamulira, ndipo likumuika m'manda. Amene asokoneza ziwirizi, kaya ponyoza zonse kapena pobvomereza zonse, amamsiya maiyo yekha pa nthawi yake ya zowawa.

Ulendo wathu uthera pano. Zimene othandiza othawa a ku Afghanistan aphunzira pa zaka zoposa 40 si zodula: moni wosathamangira, nsalu yochinga pa bedi, womasulira woyenera, namwino wamkazi kwa mai, kufunsa usanaweruze, ndi kunena zoona nthawi zonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pakati pa ife awerengi pali anamwino, azamba ndi oyendera odwala m'midzi, ndipo dziko lathu likali kusunga othawa nkhondo ku Meheba, ku Mayukwayukwa ndi ku Mantapala. Mlendo wodwala akafika pakhomo pathu, tisanamfunse pamene pakupweteka, tiyambe tamfunsa mmene amacitira kwao.